Ngalande timafukula, mitengo timabzala, nanga bwanji sizikhalitsa?

Namzeze
Funso langa likupita kwa amene mumaidziwa bwino ntchito yongodzipereka yosamalira malo m'mizinda. Magulu ambiri amachita zofanana. Loweruka lina anthu atuluka ndi mafosholo, afukula ngalande, atola zinyalala, abzala mitengo m'mbali mwa msewu, ajambulitsa, kenaka aliyense kwawo. Pakangotha milungu itatu ngalande ija yadzazanso, milu ya zinyalala ikadali pomwe inaunjikidwa, ndipo mbande zija zasanduka timitengo touma. Chimalakwika n'chiyani kwenikweni? Gulu loyamba kumene, la anthu ngati 30, lopanda galimoto, liyambire pati kuti thukuta lisapite pachabe?

Fosholo77
A Namzeze, liyambire kumapeto. Musanalengeze tsiku, yankhani kaye funso ili: zimene tifukulezo adzachotsa ndani, ndi chiyani, nthawi yanji, kupita nazo kuti? Ngati yankho palibe, musafukule.

Anthu amapeputsa kuchuluka kwa matope. Tengani ngalande yotalika mamita 100, yotambalala theka la mita, matope ake akuya masentimita 30. Amenewo ndi makiyubiki mita 15. Matope onyowa amalemera tani imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa kiyubiki mita iliyonse, ndiye mukukamba za matani oposa 20. Wilibala yosadzaza kwambiri imanyamula malita ngati 60, choncho ndi maulendo 250. Anthu 30 angathe kuwatulutsa m'ngalande m'mawa umodzi, koma sangawasunthe kupita nawo kutali. Ndiye amangowaunjika pamphepete, mvula yoyamba n'kuwabwezera momwe anachokera.

Choncho pimani kaye ndi chingwe ndi ndodo, muwerengere, mukauze a khonsolo ya mzinda kapena mwini lole nambala yeniyeni. Lole ikapezeka ya maulendo awiri okha, fukulani gawo lokwana maulendo awiriwo basi. Mamita 40 oyera mpaka pansi amathandiza kuposa mamita 300 okandakanda.

Kadzidzi_wa_usiku
Ndiye lole ikapanda kubwera tizingokhala? Mvula siidikira khonsolo.

Fosholo77
Sindinatero a Kadzidzi. Lole ikasowa, chitani zimene sizifuna lole yaikulu. Chotsani zotseka pakamwa pa makalavati okha: majumbo, mabotolo, nsanza, matewera, nthambi. Zimenezo n'zopepuka, zimalowa m'matumba, ndipo nthawi zambiri ndi zomwe zimaimitsa madzi. Madzi akayamba kuthamanga amakokolola okha mbali ina ya matope osalimba.

MayiMbande
Kuwonjezera pa za a Fosholo, kufukula kumayambira kumunsi, kumene madzi amatulukira, n'kumakwera nako. Mukayambira kumtunda mumamasula madzi onse odikha aja, amatsikira pa anzanu amene ali kumunsi, ndipo malo otsekeka akadali otsekeka. Matope aikeni mbali yakutali ndi ngalande, pafupifupi mita imodzi kuchoka pamphepete, makamaka pa lona kapena pamasaka akale. Akakhala tsiku limodzi kapena awiri madzi amakha, amapepukirako, koma musapitirire pamenepo. Ndipo nyengo yake ndi mvula isanayambe, osati mitambo itachita kale bii.

Gologolo
Bwanji matopewo osangowathira m'dimba la gulu? Ndi akuda bwino, manyowa aulere amenewo.

Dokotala_wa_dothi
Ayi ndithu a Gologolo, kuda sikutanthauza chonde. M'ngalande za m'tauni mumalowa zotuluka m'zimbudzi zosefukira, oyilo wa m'magalaja, madzi a m'mabatire akale, penti ndi magalasi osweka. Mazira a njoka za m'mimba amatha kukhala amoyo m'dothi miyezi yambiri, ena zaka. Mtovu wa m'mabatire suwola n'komwe. Matope otere asayandikire ndiwo zamasamba kapena malo osewerera ana. Ngati ali mchenga weniweni wokokoloka pamsewu wafumbi, wosanunkha, angakwirire maenje a msewu womwewo kumbali yosatsetsereka. Akuda onunkhawo apite kumtaya wovomerezeka.

Gologolo
Chabwino, ndamva. Nanga mapulasitikiwo osangowotcha pomwepo? Mulu wonse umatha mphindi 20.

MayiMbande
Umatha m'maso, koma walowa m'mapapo mwa anthu. Moto wa pamtetete sutentha mokwanira, ndiye pulasitiki imangofuka. Mapaipi a PVC ndi zokutira mawaya zili ndi chlorine, ndipo zikapsa motero zimatulutsa poizoni wotchedwa dioxin amene amakhalira m'phulusa ndi m'dothi. Zitini za mankhwala opopera zimaphulika. Matayala akayaka amavuta kwambiri kuzima. Komanso gulu lotchedwa losamalira chilengedwe likawotcha, mawa aliyense wa m'deralo awotcha, n'kumati tinaonera iwowo.

Chiswe
Ine ndikufuna tikambe za chitetezo, chifukwa apa ndi pamene magulu ongodzipereka amachita chibwana. Munthu asalowe m'ngalande ndi masilipasi. Pakufunika magambutsi ndi magolovesi okhuthala, osati opyapyala a kuchipatala aja, amang'ambika pa botolo loyamba. Wokhala ndi chilonda chosapola kumwendo kapena kudzanja apatsidwe ntchito yakumtunda, monga kulemba kapena kugawa madzi. Mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis, ndipo amalowera pachilonda, m'maso kapena m'kamwa. Amayamba ngati malungo patatha masiku angapo mpaka milungu iwiri kapena kuposa, ndiye wodwala pambuyo pa ntchitoyi akauze achipatala kuti anagwira madzi a m'ngalande. Wobayidwa ndi msomali kapena lata ladzimbiri atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyera, apite akafunse za katemera wa kafumbata tsiku lomwelo.

Majakisoni otayidwa satoledwa ndi manja ngakhale mutavala magolovesi. Panani ndi chopanira, ikani m'botolo lapulasitiki lolimba lokhala ndi chitsekerero, singano yoloza pansi, mukapereke kuchipatala. Musaike m'thumba, chifukwa amabaya wonyamula. Wina akabayidwa, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino.

Chachikulu: munthu asatsike m'dzenje lotsekedwa la suweji kapena kukwawira m'kalavati yaitali. Muja mumadikha mpweya wa hydrogen sulphide, wolemera kuposa mpweya wamba. Ukakhala wochepa umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka mphuno imaleka kuumva, munthu amangogwa. Wachiwiri wotsikira kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Kalavati itokoseni muli panja, ndi nsungwi zolumikiza kapena chitsulo chachitali chokhala ndi ngowe. Zikakanika, ndi ntchito ya akhonsolo okhala ndi zida.

Kadzidzi_wa_usiku
Zonsezi n'zabwino, koma tinene chilungamo. Ntchito imeneyi ndi ya khonsolo. Anthu amalipira misonkho. Tikamawagwirira ulere, tikuwaphunzitsa ulesi.

Wapampando_wopuma
Mfundo yanu ili ndi mutu a Kadzidzi, koma imadalira mmene gulu lachitira. Gulu likamangosesa mwakachetechete mwezi ndi mwezi, inde lasanduka antchito osalipidwa. Koma gulu lolemba limakhala ndi mphamvu. Lembani tsiku, msewu, matumba angati, kalavati iti yagumuka, bini iti yatha milungu ingati osakhuthulidwa, ndi zithunzi zojambulidwa pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Kalata yopita kukhonsolo yonena kuti "pamphambano yakutiyakuti tachotsa matumba 45 kawiri motsatizana chifukwa palibe potayira" imavuta kuikana kusiyana ndi kudandaula kuti mzinda wauve.

Mugawane ntchito polemba: ife manja ndi zida zazing'ono, inu lole, chilolezo ndi kumtaya. Pakhale dzina la ofesala mmodzi woyankha foni tsikulo. Ndipo pali ntchito zina zoti gulu likane: suweji yophulika, nyama zakufa, zinyalala za kuchipatala, migolo ya mankhwala osadziwika.

Mpoloni
Ku Rwanda anthu amatuluka kukagwira ntchito za m'dera limodzi Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, amati umuganda, ndipo likulu lawo Kigali ndi loyera. Palibe amene amati ndi ntchito ya khonsolo.

Kadzidzi_wa_usiku
Umuganda si kudzipereka, achimwene. Ndi lamulo kwa anthu amphamvu zawo a zaka 18 mpaka 65, ndipo wojomba popanda chifukwa angathe kulipitsidwa. Komanso dziko lija linaletsa majumbo mu 2008, ndipo misewu ya Kigali imasesedwa ndi anthu olembedwa ntchito masiku ena onsewo. Musayerekeze ndi gulu la anthu 30 a pa WhatsApp.

Wapampando_wopuma
Chitsanzo choyandikira nkhani yathu ndi cha ku Estonia. Pa 3 May 2008 anthu pafupifupi 50,000 anatuluka tsiku limodzi kukachotsa zinyalala m'dziko lonse, ndipo ndi kumene kunachokera World Cleanup Day, tsiku lotola zinyalala padziko lonse, imene inayamba mu 2018. Anthu amakumbukira chinamtindicho, koma ntchito yeniyeni inachitika tsikulo lisanafike: anayamba alemba pamapu malo onse otayidwapo zinyalala, n'kugwirizana ndi makampani onyamula. Pofika tsikulo aliyense ankadziwa kopita ndiponso kumene zotoledwazo zithere. Ndi zomwe a Fosholo anena pamwambapa.

Gologolo
Koma matisheti amafunika, tisanamizane. Popanda tisheti achinyamata sabwera.

Mpoloni
Obwerera tisheti amachoka akalandira tisheti.

Chiswe
Ndalama ya matisheti 30 ingagule magolovesi, mareki, sopo ndi bokosi la chithandizo choyamba. Ngati mukufuna zovala, gulani zonyezimira zija zovala pamwamba, zikhale katundu wa gulu, zizibwezedwa ntchito ikatha. Zimenezo zili ndi ntchito: ogwira m'mbali mwa msewu ayenera kuoneka, ayang'ane kumene magalimoto akuchokera, ndipo munthu mmodzi aime patsogolo ndi mbendera.

Namzeze
Tabwererani kuno abale, za matisheti tidzakamba. Nanga mitengo ija imaferanji?

MayiMbande
Imafa ndi masamu, mayi. Kamtengo kongobzalidwa m'mbali mwa msewu kamafuna ndowa imodzi ya malita 20 kawiri pa mlungu nyengo yopanda mvula, chaka choyamba chonse, kawirikawiri ndi chachiwiri chomwe. Mitengo 200 ndi ndowa 400 pa mlungu, malita 8,000. Pa anthu 30, aliyense ndowa 13 mlungu uliwonse, ndipo mwa 30 aja otsala pakatha miyezi iwiri mwina ndi 10. Ndiye funso si lakuti tapatsidwa mbande zingati, koma othirira tili nawo angati ndipo madzi ali patali bwanji. Bzalani 40. Uliwonse ukhale ndi mwini wake, makamaka wa nyumba, sitolo kapena sukulu imene yayang'anana nawo, ndipo avomere musanakumbe. Akana, musabzalepo.

Kabzalidwe kake: dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya. Dothi lapamwamba ikani padera, musakanize ndi manyowa owolerana, libwerere pansi. Ng'ambani chubu, musabzale nacho. Mizu ikakhala yozungulira m'chubu, imasuleni kapena idulireni pang'ono, apo ayi imapitiriza kuzungulira n'kudzapotokola tsinde mtengo utakula. Bzalani mvula itakhazikika, madzulo kapena tsiku la mitambo, n'kuthirira pomwepo ngakhale nthaka ili yonyowa, kuti dothi ligwirane ndi mizu.

Dokotala_wa_dothi
Pa dzenje ndikusiyana nanu pang'ono mayi. Kutambalala ndiye kofunika, kuya ayi. Pa dothi lamakande, dzenje lakuya lodzaza ndi dothi lofewa limasanduka mphika: madzi amadikha pansi, mizu imawola. Komanso dothi lofewalo limatitimira, mtengo n'kumira nalo. Malo amene tsinde limakumana ndi mizu ayenera kukhala molingana ndi nthaka. Mukakwirira tsinde masentimita 10 okha, khungwa limayamba kuwola ndipo mtengo umafa mwakachetechete patapita miyezi, anthu n'kumanamizira chiswe. Yesani chonchi: thirani ndowa ziwiri m'dzenje madzulo. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa, musabzale mozama, kwezani kamulu kotambalala mubzale pamwamba.

Chiswe
Zikomo pondichotsera mlandu.

MayiMbande
Pa makande ndavomera. Koma m'mbali mwa misewu yambiri pansi pamakhala zigumu za njerwa, miyala ndi dothi lotsenderedwa ndi makina. Pamenepo ukakumba masentimita 30 okha mizu ilibe kolowera. Kumbani mozama kuti muswe chigamu cholimbacho ndi kuchotsa zinyalala, kenaka bwezerani dothi ndi kuponda pansipo kuti pasatitimire, mtengo ukhale pamlingo umene a Dokotala anena.

Zina zopha mitengo ndi izi. Udzu wophimbira uzikhala wokhuthala ngati zala zinayi, koma usakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho. Chomangira kumtengo wochirikiza chikhale chansalu kapena mphira, chomasuka, osati waya, ndipo chichotsedwe pakatha chaka chisanadye khungwa. Otchetcha udzu amasenda makungwa ndi zikwakwa, ndiye palirani bwalo la theka la mita kuzungulira. Mpanda wake ukhale wa zinthu zosakopa akuba: wachitsulo umapita kwa ogula zitsulo, wa matabwa abwino umapita pamoto.

Fosholo77
Ndipo musanaponye piki, funsani a madzi, a magetsi ndi a matelefoni kumene kwadutsa mapaipi ndi mawaya awo. Kuboola paipi imodzi kungathetse gulu. Yang'ananinso m'mwamba: pansi pa mawaya a magetsi pabzalidwe mitengo yosatalika, apo ayi ikadzakula adzaidula mutu. Ya mtundu wa mkuyu ndi kachere mizu yake imatukula simenti ndi kulowa m'mapaipi a suweji. Bulugamu amakula msanga koma amamwa madzi kwambiri ndipo amagwetsa nthambi. Imeneyi ndi ya pabwalo lalikulu, kutali ndi makoma ndi ngalande.

Kadzidzi_wa_usiku
Mwayankha za matope ndi mitengo, koma zinyalala zimabweranso chifukwa anthu ndi osasamala. Muwaphunzitse mpaka liti?

Wapampando_wopuma
Ena ndi osasamaladi, koma pitani mukaone amene amataya m'ngalande usiku. Ambiri ndi ochokera m'nyumba zimene galimoto ya zinyalala siifikako, pabwalo palibe pokumba dzenje, ndipo thumba la matewera silingagone m'nyumba mlungu. Munthu wotero chikwangwani cha "osataya zinyalala pano" sichimuuza kokataya. Musanaphunzitse aliyense, khuthulani matumba atatu pa lona, muwasankhule. Mukapeza zambiri ndi makoko ndi masamba ovunda, gwero ndi msika. Mukapeza matewera ndi phulusa, ndi m'makomo. Mukapeza mabotolo ndi zotengera zakudya, ndi apaulendo ndi ogulitsa pamsewu. Mankhwala ake ndi osiyana. Ku Bangladesh analetsa majumbo opyapyala mu 2002 ataona kuti ndi amene ankatseka ngalande nthawi ya madzi osefukira. Anayamba adziwa chotsekacho.

Chenjezo pa mabini: bini yopanda tsiku lokhuthula ndi mtaya watsopano. Ikadzaza anthu amataya pambali, ndipo malowo amazolowereka mpaka kalekale. Musaike bini kapena sikipi (chibini chachikulu chonyamulidwa ndi lole) ngati wokhuthula sanapezeke.

Dokotala_wa_dothi
Ngati gwero ndi msika, kompositi imachepetsa katundu wa lole kwambiri, chifukwa zowola ndi zomwe zimalemera. Mulu ukhale wosachepera mita imodzi mbali zonse, wocheperapo sutentha. Pansi yalani timitengo kuti mpweya uzilowa. Pa ndowa imodzi ya zaziwisi ikani ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma: masamba ouma, udzu, makatoni ong'ambidwa, utuchi pang'ono. Chinyezi chake, mukafinya m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi muzule: ikhale yotentha ndi yonyowa. Kutentha kwa madigiri 55 mpaka 65 ndi kumene kumapha mbewu za udzu ndi tizilombo tambiri. Tembenuzani pakatha milungu iwiri iliyonse, zakunja zilowe mkati, ndipo pa miyezi itatu kapena inayi zapsa.

Mulu ukanunkha mkodzo, zaziwisi zachuluka, onjezani zouma. Ukanunkha dzira lovunda, madzi achuluka, tembenuzani. Ukangokhala wozizira, wauma kapena wachepa. Nyama, mafuta, ndowe za agalu ndi matewera zisalowemo, zimaitana makoswe ndi ntchentche, ndipo oyandikana nawo adzakuthamangitsani. Kusankhula kuchitike pamsika pomwepo, m'madengu osiyana. Kuchotsa tizidutswa ta pulasitiki m'kompositi yopsa kale ndi chilango.

Mpoloni
Mabotolo a pulasitiki ndiye ndalama ya gulu imeneyo.

Chiswe
Musaidalire kwambiri. Ogula amafuna osankhulidwa: a nambala 1 pansi pake, PET, paokha, zigubu zolimba za nambala 2, HDPE, pazokha, opanda matope, ophwanyidwa. Ndi opepuka moti thumba lalikulu limalemera makilogalamu ochepa chabe, ndipo mayendedwe amadya phindu lonse. Komanso pali anthu amene amadya kuchokera m'kutola mabotolo ndi zitsulo tsiku ndi tsiku. Gulu likawalanda limadzipangira adani. Aitaneni tsiku la ntchito, atenge zogulitsikazo, katundu wanu wachepa ndipo iwo amadziwa bwino kuposa inu chimene chili ndi msika.

Fosholo77
Tibwerere ku matope pang'ono, chifukwa amenewo sachokera m'manja mwa otaya zinyalala. Tsatani ngalande kukwera nayo mvula itangokata. Mupeza milu ya mchenga ya omanga nyumba ili pamsewu, malo otsetsereka opanda udzu, ndi anthu osesera fumbi la pabwalo m'ngalande m'mawa uliwonse. Pamalo ogumuka bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa chitsetso, mapesi otalikirana masentimita 10 mpaka 15, muthirire milungu yoyamba. Mizu yake imalowa pansi molunjika ndipo mzere ukatsekana umasefa dothi. Pamthunzi wambiri sachita bwino.

Ena amaika sefa yazitsulo patsogolo pa kalavati. Imagwira ntchito ikakhala yopendekeka, kuti zinyalala zizikwera pamwamba madzi n'kumadutsa pansi, ndiponso pakakhala munthu woipalira mvula iliyonse ikatha. Yoimirira chilili yopanda woyang'anira imasanduka damu, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu, mlandu n'kukhala wa gulu.

Namzeze
Ndiye ndikamva bwino, mwezi woyamba ndi woyenda ndi chingwe, kope ndi kalata, osati fosholo. Koma anthu 30 aja akufuna kugwira ntchito Loweruka likubwerali. Ndikawauza kuti tidikire khonsolo, theka athawa.

Wapampando_wopuma
Musawadikiritse. Agaweni m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake ndi chigawo chake cha msewu. Awiri apime ngalande, ena atole zopepuka pakamwa pa makalavati, ena ayende khomo ndi khomo kufunsa ofuna mtengo. Muyambe 7 koloko, 10 koloko mwaweruka, dzuwa lisanawawe. Matumba asapitirire makilogalamu 15, odzaza theka, omangidwa pakamwa, onse pamalo amodzi ofikika ndi galimoto. Madzi akumwa ndi osamba m'manja akhale m'zigubu zosiyana. Zida ziwerengedwe potuluka ndi pobwera.

Kadzidzi_wa_usiku
Ndipo matumba omangidwa bwinowo adzanyamula ndani Loweruka masana, maofesi atatseka?

Fosholo77
Funso limenelo a Namzeze akhale atalipezera yankho pofika Lachitatu. Likasowa, Loweruka likhale la kupima ndi kuyenda m'makomo basi, matumba asatuluke.

Gologolo
Nanga matayala akale amene ali m'ngalandemo? Kumtaya ena amawakana.

Chiswe
Musawasiye pamtetete, amasunga madzi ndipo udzudzu umatha kuswana kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 kukatentha. Abooleni m'mbali kapena muwadzaze dothi. Odzaza dothi amagwira bwino ntchito yotchinga pamalo ogumuka aja a Fosholo, muwasanje ngati njerwa, mzere wapamwamba ulowe mkati pang'ono. Kudula tayala la waya ndi mpeni wamba musayese, waya wake umang'amba magolovesi.